Makompyuta akulandira IP bwinobwino koma mayina awo mu DNS ndi chisokonezo, thandizeni

waKuBembeke

Moni nonse akuluakulu. Ndakhala ndikungowerenga muno osalembapo kanthu koma sabata ino zandikwana. Ndimagwira ntchito pa kabungwe kena pa boma pano pa Dedza, tikakwana tonse sitidutsa anthu 30. Ntchito yanga yeniyeni ndi ya data koma poti ndine ndinapezeka ndikudziwa kuchotsa pepala likakanirira mu pulinta basi ndinasanduka wa IT, mukudziwa mmene zimakhalira.

Zomwe tili nazo ndi izi. Seva imodzi ya Windows Server 2016, ndiyo domain controller (yoyang'anira maakaunti a anthu ndi makompyuta a ofesi, zomwe timati domain), DNS yomasulira mayina a makompyuta kukhala ma IP ili pomwepo, DHCP yogawa ma IP ilinso pomwepo, IP yake 192.168.10.5. Anaiika ndi bambo wina wa ku Lilongwe amene anabwera masiku awiri n'kubwerera, pano nambala yake siikupezeka. Scope, ma IP omwe DHCP imagawa, imayambira .50 mpaka .200. Makompyuta a Windows 10 ndi 11 alipo 16, ambiri ali mu domain koma atatu ndi a Home ndiye sangalowe. Anyamata oyenda m'midzi ali ndi malaputopu anayi a Ubuntu, abwana ali ndi MacBook, mapulinta awiri, ndiye mafoni a aliyense pa Wi-Fi.

IP aliyense akulandira, intaneti ikuyenda. Vuto ndi mayina. Lachiwiri amayi a ku accounts anandiimbira kuti Excel yawo yauma, ine ndili ku block ya kuseri kukuzizira ngati mmene mukuidziwira Dedza mu June, ndinati sindidzuka pampando ndingolowa ndi Remote Desktop. Ndalemba ACCOUNTS-02 ikundiuza kuti kompyuta yomwe ndafikapo si yomwe ndatchulayo. Kupanga nslookup kuti ndifunse DNS ndikupeza ACCOUNTS-02 ndi STORES-01 onse akuloza 192.168.10.112, pomwe amayiwo atandiwerengera pa foni anali pa .137. Pulinta yaikulu nayonso imatumiza ma scan ku folder ya pa ADMIN-01 pogwiritsa ntchito dzina, tsiku lina zimatheka tsiku lina ayi, anthu amangoti pulinta yafa. Ma Ubuntu ndi Mac mu DNS mulibiretu olo limodzi, pomwe mu Address Leases, mndandanda wa omwe DHCP yawabwereka IP, ena ndimawaona.

Ndayesa ipconfig /registerdns ndi /flushdns, pa makina ena zimakonzeka pa ena palibe chimachitika. Ndinafufutapo ma record akale pamanja. Ndinasinthanso zone, pomwe DNS imasunga mayina a domain yathu, kuchoka pa Secure only kupita pa Nonsecure and secure poganiza kuti ma Ubuntu alowa koma ayi ndithu. China chomwe ndaona n'chakuti zimanyanya magetsi akazima n'kuyakanso, kaya zikugwirizana kaya ndikungoganiza ine. Ndiyambire pati?

MdalaWaSeva

Achimwene, choyamba bwezerani zone ija pa Secure only lero lomwe. Mmene mwaisiyiramo, mwana aliyense wobwera ndi laputopu n'kulumikiza pa Wi-Fi yanu atha kulemba dzina lililonse mu DNS, ngakhale kulanda dzina la makina a wina. Ndipo sizikanakuthandizani chifukwa Ubuntu yomwe siili mu domain payokha siyesa n'komwe kukalembetsa, ndiye mwatsegula chitseko koma wolowa palibe.

Nkhani yonse ili pa funso limodzi, ndani akulemba dzina mu DNS, kompyuta yokha kapena seva ya DHCP? Windows kuyambira pa Windows 2000 imabwera ili chonchi: kompyuta ikamapempha IP imatumiza dzina lake lonse mu kagawo ka pempholo kotchedwa option 81 n'kunena kuti A record, ija yochoka pa dzina kupita pa IP, ndilemba ndekha, inu a seva mundilembere PTR yokha, ija yobwerera kuchoka pa IP kupita pa dzina. Makina a mu domain amatha kutero chifukwa ali ndi akaunti, DNS imawazindikira kudzera mu Kerberos, njira yomwe domain imatsimikizira kuti ndiwe ndani. Atatu anu a Home aja amayesa nawo koma amakanidwa poti alibe akaunti. Ubuntu, Mac, pulinta ndi mafoni ambiri amangotchula dzina lalifupi mu option 12 n'kukhala chete. Ndiye muli ndi olemba osiyanasiyana, ena akulemba, ena akukanidwa, ena sakuyesa, ndipo wofufuta zakale palibe.

Pa ofesi yosakaniza ngati yanuyi ine ndimafuna wolemba akhale m'modzi, DHCP basi. Tsegulani DHCP console, properties za IPv4, tab ya DNS. Chongani Enable DNS dynamic updates, musankhe Always dynamically update DNS records, chongani Discard A and PTR records when lease is deleted, komanso kabokosi kam'munsi konena za clients that do not request updates. Kameneko kamatchula Windows NT 4.0 ndiye anthu amakadumpha poganiza kuti n'ka makina amakedzana, koma ndi komwe kamagwira ma Linux ndi mapulinta. Mukaonenso pa scope penipenipo chifukwa scope ili ndi tab yakeyake ndipo zake ndi zomwe zimapambana.

Kenako credentials, apa ndi pomwe ambiri amagwa. Pangani user wamba mu Active Directory, mosungira maakaunti a domain, tinene svc-dhcp, asakhale admin, pasiwedi yaitali yosatha nthawi. Muikeni pa tab ya Advanced, batani la Credentials. Popanda zimenezi DHCP yokhala pa domain controller imalemba ndi mphamvu za seva yeniyeniyo, zomwe si zabwino, ndipo mukayang'ana mu Event Viewer mupeza chenjezo la 1056 likudandaula zomwezo. Za gulu la DnsUpdateProxy zomwe muwerenge pa intaneti zisiyeni, muli ndi seva imodzi, ndipo kuika domain controller m'gulu limenelo n'kudziputira mavuto.

Dziwaninso kuti record iliyonse ili ndi mwini wake. Yomwe inalembedwa ndi ACCOUNTS-02 yokha, svc-dhcp sangaisinthe, akanidwa. Ndiye mukatha kusintha zonsezi mufufute ma record akale a makompyuta wamba kuti alembedwenso mwatsopano ndi mwini m'modzi. A makompyuta wamba okha chonde, a seva ndi mafolder oyamba ndi underscore aja monga _msdcs ndi _tcp musawakhudze, mukatero mawa palibe alowe mu domain.

Onaninso ngati reverse zone ilipo, 10.168.192.in-addr.arpa. Anthu oika seva mothamanga amaiiwala kawirikawiri, ndiye PTR ilibe pogwera.

Koma musanachite chilichonse, zija mwanena za magetsi zandikayikitsa. Pitani pa kompyuta yomwe ikuvutayo, ipconfig /all, mundiwerengere mizere iwiri, DHCP Server ndi DNS Servers. Osangoona imodzi, muone zinayi kapena zisanu.

Kachewere88

kkkk wa data kusanduka wa IT chifukwa cha pulinta, tonse tinayamba choncho amwene. Ine bwenzi nditangopatsa aliyense static IP, yosasintha yoika pamanja, n'kulemba pa kapepala kumata pa monitor, makina 20 okha mpaka kuvutika chonchi?

NachisaleWaKuNtcheu

A Kachewere, static imakoma tsiku loyamba lokha. Laputopu ija ikapita ku Lizulu kapena ku Tsangano kukalumikiza pa hotspot ya foni mwini wake akuimbirani kuti intaneti yakana, inu muli pa maliro. Mapulinta ndi makina osasuntha apatseni reservation mu DHCP momwemo, IP imakhala yomweyo koma zonse mukuziona pamalo amodzi.

A Bembeke, zomwe anena a Mdala ndi zoona, ine ndingowonjezera mbali ya Linux poti ndi yomwe ndimagona nayo. Yambani ndi mayina a malaputopuwo. Lembani hostnamectl pa iliyonse. Ndinapezapo malo ena malaputopu atatu onse dzina limodzi chifukwa woikayo anakopera disk imodzi pa onse, ndiye mu DNS amangolandana dzina, wayatsa pomaliza ndiye mwini. Apatseni mayina osiyana ndi hostnamectl set-hostname, zilembo ndi manambala ndi kamzere kapakati basi, osaika space kapena underscore. NetworkManager, yoyendetsa netiweki pa Ubuntu, imatumiza payokha dzinalo kwa DHCP pokhapokha wina atazimitsa, mutha kutsimikiza ndi nmcli connection show kenako dzina la connection, muyang'ane ipv4.dhcp-send-hostname. Ndiye ku seva, mu Scope Options, muone ngati option 015 DNS Domain Name ilipo. Laputopu ikangoti ndine field-03, seva imatenga mchira wa domain pamenepo kuti dzina likwane. Ikasowa 015 mumaiona mu leases koma mu zone osafika, ngati zomwe mukunenazi.

Funso langa, domain yanu imathera chani? Ngati ndi .local konzekani vuto lachiwiri losiyana ndi loyambali. Dzina la .local linasungidwira mDNS, ija Apple amaitcha Bonjour, pa Linux ndi Avahi. Mac ndi Ubuntu zikaona dzina lothera .local zimakonda kufuula pa netiweki kufunsa mwini dzina m'malo mofunsa seva ya DNS, ndiye record itha kukhalamo bwinobwino koma pa Ubuntu ping ikukana pomwe nslookup yolunjika kwa seva ikuyankha. Mukakumana nazo tsegulani /etc/nsswitch.conf, mzere wa hosts, muona mdns4_minimal ili patsogolo pa dns. Kusintha dzina la domain yomwe ikugwira kale ntchito sindingakulangizeni, ndi chintchito, ingokonzani pa malaputopu anayiwo.

Pali chinthu china pa tab ya DNS yomweyo chotchedwa Name Protection, chinabwera ndi Server 2008 R2. Chimaika record ina ya DHCID pambali pa dzina ngati chidindo, kuti laputopu ya mlendo yotchedwa ADMIN-01 isalande dzina la ADMIN-01 yanu. Ine ndimachikonda pomwe pali makina ambiri osakhala a Windows. Kungoti mukachichonga chimasintha zija a Mdala akuuzani, makina a Windows amabwerera kumalemba okha A record akapempha kutero, seva n'kumalembera enawo. Ndiye sankhani njira imodzi, osaphatikiza mwachisawawa. Poti muli ndi ma Home atatu osatha kudzilembera, mwina yambani ndi ya a Mdala.

Mafoni musawalole kudzaza zone. Android kuyambira 10 ndi iPhone kuyambira iOS 14 zimabisa MAC address yeniyeni, nambala yodziwira chipangizo pa netiweki, n'kupereka yopeka, munthu akaiwalitsa Wi-Fi n'kulumikizanso nthawi zina amaoneka ngati foni yatsopano, scope imadzaza ndi mizukwa. Ngati access point yanu ikulola, apangireni Wi-Fi yawoyawo pa scope ina, lease ya maola 8, DNS update yozimitsa.

Kwathu kuno tilibe domain ndiye ndinangoika dnsmasq pa kakompyuta kakale, imagawa IP ndiponso ndiyomwe imayankha mayina, aliyense wolandira lease dzina lake limadziwika nthawi yomweyo popanda zolembetsa. Koma inu muli ndi Active Directory, DNS isiyeni pa Windows pomwepo. Ndipo wina akakuuzani kuti ikani isc-dhcp-server ndi BIND, zimagwira inde ndi TSIG key, koma eni ake a ISC anasiya kukonza isc-dhcp-server kumapeto kwa 2022, pano akukankhira anthu ku Kea.

waKuBembeke

Zikomo kwambiri a Mdala ndi a Nachisale. Domain ndi .local ndithu mayi, mwalasa. 015 inalipo, reverse zone kunalibe, ndaipanga. Credentials munali mopanda kanthu ndipo 1056 ndaipeza yambirimbiri.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi. Ndazungulira maofesi ndi ipconfig /all monga munanenera. Makina asanu ndi awiri akuonetsa DHCP Server 192.168.10.5, zili bwino. Koma ACCOUNTS-02, ADMIN-01 ndi ena anayi akuonetsa DHCP Server 192.168.10.1 ndipo DNS Servers ndi 8.8.8.8, DNS ya Google. Iyi .1 ndi rauta ya intaneti, kabokosi koyera kali pamwamba pa kabati ku reception kophimbidwa ndi kansalu koluka kuti kasade. Ndalowamo ndi pasiwedi yolembedwa pansi pake, DHCP yake ndi yoyatsa, ikugawa .100 mpaka .199, mkati mwenimweni mwa scope ya seva. Zaka zonsezi.

Ndiye za magetsi zija ndazimvetsa. UPS ya seva batire yake inafa kalekale, imangolira kamodzi n'kuzima. Magetsi akabwera kapena mlonda akaliza jenereta rauta imadzuka pa mphindi imodzi, seva imatenga mphindi mwina 7 kuti ifike poyankha. Amene amafika m'mawa kwambiri n'kuyatsa kompyuta nthawi imeneyo, monga amayi a ku accounts omwe safuna kuchedwa olo tsiku limodzi, ndi omwe amagwidwa ndi rauta. Ochedwa ku ntchito makina awo ali bwinobwino kkkk.

Ndazimitsa DHCP ya pa rauta. Funso, pamene seva isanadzuke anthu azitani?

Kachewere88

Aaa musazimitse amwene, isiyeni ikhale ya spare, ingosinthani range isagundane ndi ya seva. Ndipo 8.8.8.8 muiike ngati DNS yachiwiri kuti seva ikagona anthu azilowabe pa WhatsApp Web, apo ayi akudyani wamoyo.

MdalaWaSeva

Ayi a Kachewere, pamenepo ndikukanirani. DHCP ilibe ulemu woti wamkulu ayambe wayankha, kompyuta imafuula pa netiweki ndipo nthawi zambiri imatenga yankho lomwe lafika msanga. Rauta siidziwa kuti ndi ya spare. Ndipo yemwe walandira kwa rauta, seva ya DHCP siimudziwa, ndiye palibe womulembera mu DNS, tabwerera pomwe tinayambira.

Za 8.8.8.8 ndi zomwe zinkapha /registerdns pa makina ena aja. Kompyuta isanalembetse imayamba yafunsa DNS yake kuti mwini zone iyi ndani, ija timati SOA. Ikafunsa Google za domain ya .local ya pa Dedza, Google aidziwira kuti? Imangobwerako chimanjamanja osakuuzani kanthu pa screen. Kuiika yachiwiri nakonso ndi msampha chifukwa seva ikachedwa kuyankha kamodzi Windows imatsetserekera kwa yachiwiriyo n'kukhalako kanthawi, ndiye zinthu za mu domain zimayamba kuvuta mwa apo ndi apo, mtundu wa vuto lovuta kuligwira. Option 006 ikhale 192.168.10.5 yokha. 8.8.8.8 malo ake ndi pa Forwarders mu DNS ya seva, komwe seva imafunsa mayina omwe siikuwadziwa.

A Bembeke musaope za m'mawa. Lease ya Windows DHCP imabwera ili ya masiku 8, ndipo kompyuta imayamba kupempha kuwonjezera ikafika theka, tsiku lachinayi. Ikayaka seva isanadzuke koma lease yake isanathe, imayesa gateway, ndiye kuti rauta ija, ikaona kuti ikuyankha imapitiriza ndi IP yomwe inali nayo. Chomwe chivute ndi mayina basi, mphindi 7 zimenezo intaneti izioneka ngati yafa poti woyankha mayina sanadzuke. Mankhwala ake ndi batire ya UPS osati DHCP yachiwiri, komanso seva yomangozima mwadzidzidzi chonchi tsiku lina database ya Active Directory idzakuonongekerani. Mukalemba requisition lembani zimenezo, osati za DNS, abwana samva za DNS.

Poti magetsi amavuta onaninso nthawi. Kerberos salola kusiyana kopitirira mphindi 5. Makina akale omwe kabatire ka pa motherboard, CR2032 kaja, kanatha amadzuka ali chaka china, secure update n'kukanika mpaka nthawi itakonzeka. Seva yanunso muione nthawi yake.

Chatsala ndi wosesa, scavenging. Zija za mayina awiri pa .112 mbali ina zinachokera kwa rauta, koma zitha kuchitikanso popanda rauta. Zone imabwera ndi no-refresh masiku 7 ndi refresh masiku 7, kutanthauza record yakufa siingachotsedwe masiku 14 asanakwane, pomwe IP yake DHCP itha kupatsa wina pakatha masiku 8. Ine pa lease ya masiku 8 ndimaika 4 ndi 4. Muyenera kuyatsa malo awiri, Aging pa zone, ndi pa properties za seva ya DNS tab ya Advanced pomwe pali automatic scavenging, mukayatsa malo amodzi okha palibe chichitike. Musanayatse yang'anani column ya Timestamp. Zolembedwa static sizikhudzidwa, koma ngati pali chinthu chofunika chomwe chili ndi deti lakale chidzasesedwa nacho limodzi. Ndinaonapo munthu akusesa record ya makina a malipiro pa 25, sanagone.

Pofuna kudziwa ngati zikuyenda musamangoganiza, tsegulani C:\Windows\System32\dhcp, muli ma log a tsiku lililonse, DhcpSrvLog-Mon, Tue choncho. Mzere ukayamba ndi 30 ndiye kuti yapempha kulemba mu DNS, 32 zatheka, 31 zakanika. Mukaona 31 pa dzina limodzi lokhalokha, kawirikawiri ndi record yakale ija ya mwini wina, ifufuteni kenako pa kompyutapo ipconfig /release ndi /renew.

NachisaleWaKuNtcheu

Ndipo pasiwedi ya rautayo musinthe a Bembeke, ngati inu munaiwerenga pansi pa kabokosi ndiye kuti aliyense wodikira pa reception athanso. Mulembenso penapake kuti DHCP ya pa rauta inazimitsidwa dala, chifukwa tsiku lomwe intaneti idzavute wina adzaibaya reset ndi kawaya ndipo idzayakanso yokha.

waKuBembeke

Ndabweranso patatha masiku atatu. Zone ili pa Secure only, svc-dhcp ndamuika, Always ndachonga pa IPv4 ndi pa scope, ma record akale ndinafufuta Lachisanu madzulo anthu ataweruka. Lolemba m'mawa log inadzaza ndi 32. Ma 31 anali awiri, STORES-01 yomwe ndinaiphonya pofufuta ndi laputopu imodzi ya Ubuntu yomwe mwini wake anaitcha dzina lokhala ndi underscore, zonse zakonzeka. Ma Home atatu aja alowa, field-01 mpaka field-04 alowa, PTR zikubwera. Mapulinta ndi ADMIN-01 ndawapatsa reservation ndipo ma scan sanaphonyepo. nsswitch ndakonza pa malaputopu atatu, wachinayi ali ku Mayani mpaka Lachinayi.

Scavenging sindinayatse, ndapeza ma record anayi a deti la 2019 omwe sindikudziwa kuti ndi a chani, imodzi ikuoneka ngati ya makina a fingerprint a pakhomo, ndifufuze kaye. Pepala ndamata pa rauta, kansalu koluka kaja ndachotsa poti imatentha, amayi a pa reception sanasangalale nazo. Requisition ya batire ili pa tebulo la abwana.

Yatsala MacBook yawo. Yalowa mu DNS koma ndi dzina lalitali lija Mac imadzipatsa yokha, dzina lawo loyamba kenako MacBook-Pro, ndipo ili kawiri mu leases, ina ya Wi-Fi ina ya kebulo ya pa adapter, ndiye dzina limalumphalumpha pakati pa ma IP awiri. A Nachisale, ndingowauza kuti akabaya kebulo azizimitsa Wi-Fi, kapena pali njira ina yoti ndisakhale ndikuwakumbutsa tsiku ndi tsiku?